Ng'ala za a Gondwe ndi Zanga

Tiyamike ndi Limbani, za ubwana wanga ku Chiradzulu ndinakufotokozerani mpaka munatopa nazo, choncho sindizibwereza. Pano ndilemba za ntchito imene inakudyetsani ndi kukuphunzitsani, ntchito ya maso. Mwandifunsapo kangapo chifukwa chake anzanga amene ndinayamba nawo anapuma ali mabwana, pamene ine ndinapuma ndili pa mpando womwe ndinayambira. Yankho lake ndi lalitali, ndipo pakamwa ndimalephera kulimaliza chifukwa mtima umandiwawa ndisanafike pakati.

Zaka za m'ma 1980: kufika ku Mzuzu

Boma linanditumiza ku Mzuzu nditangomaliza maphunziro a ukiliniko ofesala wa maso. Ndinatsika basi m'nyengo yachisanu ndili ndi sutikesi imodzi ndi juzi yopyapyala yogula ku Limbe, kukugwa kamvula kaja kosamveka padenga koma konyowetsa mpaka m'mafupa. Mzuzu ya nthawi imeneyo inali tauni yoti ukayenda pang'ono wapezeka kale m'tchire. Ndinapeza nyumba ya lendi ku Salisbury Lines, kumene mvula ikalimba madzi ankalowa pakhomo lakumaso n'kutulukira lakuseri. Mayi anu atanditsatira analira sabata yathunthu, amvekere boma latitaya.

Chitumbuka sindinkachidziwa ngakhale pang'ono. Amene anandipulumutsa anali Sisita Msiska, namwino wa ku thiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, mayi wamfupi wosaseka wamba. Mawu oyamba amene anandiphunzitsa sanali moni ayi, anali akuti "laŵiskani kuchanya", kutanthauza kuti yang'anani kumwamba, poti popanda mawu amenewo sungapime diso la munthu. Odwala ankanditchula adokotala. Ndinayesa kuwauza kuti sindine dokotala, ndine kiliniko ofesala chabe, koma sisita anandidzudzula kuti ndisiye kusokoneza anthu, kwa munthu amene sakuona aliyense wogwira kampeni ndi dokotala.

Ntchito yathu yaikulu inali ng'ala. M'diso la munthu muli kagalasi kachibadwa, koyera mbee ngati madzi a pachitsime. Munthu akamakula kamayamba kuchita mbuu, kenaka kamasanduka ngati mkaka, ndiye ng'alayo. Masiku amenewo tinkangochotsa kagalasi kowonongekako osaikamo kena, wodwala n'kumupatsa magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo. Ife tinkati wachira. Mwiniwakeyo ankaona, inde, koma zinthu zinkamuonekera zazikulu ndi zapafupi, ankaponda pambali pa sitepe, ankathira tiyi pambali pa kapu. Magalasiwo akasweka kumudzi, munthu ankabwerera mumdima womwe uja. Ndinaonapo magalasi omanga ndi mphira za machubu, ena ndi waya, ena ndi luzi. Zosowa zinali za tsiku ndi tsiku. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe kuseri kwa thiyeta, ulusi wosokera diso tinkaudula mwaumbombo, ndipo mankhwala odonthezera akatha tinkangouza anthu kuti abwere mwezi wamawa. Mawu amenewo, "mubwere mwezi wamawa", ndinawanena kambirimbiri mpaka ankatuluka okha ndisanaganize.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990: kagalasi ka m'diso

Zinthu zinasintha m'zaka zimene yunivesite ya Mzuzu inkatsegulidwa. Tauni inayamba kufufuma. Aliyense wokhala ndi kamalo ankamanga zipinda zochititsa lendi, malole a matabwa ochokera ku Chikangawa ankadutsana pamsewu, ndipo ife tinathawa madzi a ku Salisbury Lines n'kukamanga pamtsetse ku Masasa, nyumba imene munakuliramo. M'zaka zomwezo anandisankha kukaphunzira njira yatsopano, yochotsa ng'ala n'kuika kagalasi kapulasitiki m'kati mwa diso momwemo, pamalo pa kachibadwa kaja. Kagalasiko n'kochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono, kali ndi timiyendo tiwiri topindika togwirira m'mbali. Mayi woyamba amene ndinamuika kagalasi, titam'masula bandeji m'mawa mwake, anayang'ana wodi yonse, kenaka anafunsa kuti magalasi ake ali kuti. Nditamuuza kuti ali m'diso momwemo anakana, amvekere ndikumunamiza, anafuna agwire ndi chala mpaka sisita anam'gwira dzanja. Tsiku limenelo ndinamuona Sisita Msiska akuseka mano onse pamtunda. Zaka zimenezo ndizo zokha zimene ndinkadzuka m'mawa ndikufunitsitsa kupita ku ntchito.

Timagalasito boma silinkagula. Tinkachokera kwa abwenzi akunja, bungwe lina lachifundo, tinkabwera m'makatoni pamodzi ndi ulusi ndi mankhwala. Nthawi yomweyo tinalandiranso bwana watsopano, dokotala weniweni wa maso wophunzira kunja. Dzina lake sindilemba, poti ali moyo ndipo ana ake mumawadziwa. Manja ake anali abwino, izi sindingabise. Koma ankakonda misonkhano ya m'mahotela kuposa thiyeta, moti maopaleshoni ambiri tinkachita ine ndi sisita, iye n'kukawafotokoza ku Lilongwe. Sindinkadandaula. Ndinkaganiza kuti ntchito imadzionekera yokha.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000: tsiku la alendo

A Gondwe anali dalaivala wa lole ya matabwa, ankakhala ku Chibavi. Sanali okalamba, ana awo anali akadali pa sukulu, koma ng'ala zinawafulumirira m'maso onse awiri. Analowa m'chipinda changa atagwiridwa dzanja ndi akazi awo, a NyaKaunda, munthu wamapewa otambalala akuyenda monyang'ama ngati mwana wophunzira kuyenda. Anandiuza kuti mwini lole wawalonjeza kuwasungira ntchito kwa miyezi yochepa chabe. Za kagalasi anazimva kwa mnansi wawo amene tinam'chita opaleshoni, ndipo anabwera atatsimikiza kale chimene akufuna.

"Adokotala, magalasi a mabotolo aja ine yayi," anatero. "Ndani angandipatse lole nditavala zimenezo? Mundiike kakang'ono kam'kati, ndibwerere pa chiwongolero."

Ndinawapima n'kuona kuti kuseri kwa ng'alazo maso anali amoyo. Ndinawauza kuti tiyamba ndi lakumanja limene ng'ala yake inali itapsa kwambiri, ndipo ndinawapatsa tsiku. Tsikulo linagwirizana ndi kubwera kwa alendo, eni ake a makatoni aja, amene ankafuna kudzaona ndi maso awo mmene thandizo lawo likuyendera. Bwana anakonzekera ngati ukwati. Makoma anapakidwa utoto, odwala tinawasonkhanitsa ochuluka kuposa masiku onse, ena ochokera ku Ekwendeni, ena ku Nkhata Bay, ndipo m'mawa wa tsikulo anali atandanda pa benchi kunja kwa thiyeta atavala kale zovala zobiriwira.

Ndikusamba m'manja, Sisita Msiska anandikodola. Zida za opaleshoni timaziphika m'makina a nthunzi, ndipo pa phukusi lililonse timamatapo katepi kamene kamada mizere kutentha kukakwana. M'mawa umenewo mizere ija inali yotuwa. Anaphikanso, ine ndili pomwepo, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa chitseko poti mphira yake inali itatha. Tepi inatuluka yotuwabe. Ana anga, munthu wosagwira ntchitoyi sangamvetse. Tizilombo tikalowa pakhungu timapereka mankhwala, munthu n'kuchira. Tikalowa m'kati mwa diso, m'masiku ochepa diso limadzaza mafinya, ndipo nthawi zambiri chotsala n'kulichotsa. Ndinali nditaonapo diso lotero ndili wachinyamata, fungo lake ndi kulira kwa mwiniwake sindinaziiwale. Ndipo apa silikanakhala diso limodzi, ukanakhala mzere wonse wa pa benchi paja.

Ndinakamuuza bwana. Ndinapempha kuti zida tizitumize ku thiyeta yaikulu akatiphikire, tiyambe masana. Anayankha kuti alendo akunyamuka dzuwa lisanafike pamutu, akuthamangira ndege ku Lilongwe. Anagwira phukusi limodzi n'kundiuza ndigwirenso, amvekere latentha ndithu, tepiyo ndi imene yakalamba.

"A Matewere, pukutani ndi sipiliti tiyambe," anatero motsitsa mawu. "Anthu awa akachoka osaona kanthu, magalasi atha. Ndipo mudzayankha ndinu."

Ndinamuuza kuti sinding'amba diso la munthu ndi zida zimenezo. Anati chabwino, achita yekha, ine ndingomuthandiza. Tikulimbana choncho alendo analowa. Wamkulu wawo anali mayi wachizungu wa imvi, dokotala wa maso nayenso. Anafunsa chifukwa chake odwala akadali pa benchi. Bwana anaseka, anati magetsi anavuta pang'ono, tikuyamba pompano. Mayiyo anatembenukira kwa ine, poti ine ndiye ndinali nditavala za opaleshoni. Ndinadziwa kuti ndikakhala chete bwana ayamba, ndipo woyamba kugona patebulo ndi a Gondwe. Ndinadziwanso kuti ndikalankhula, ndam'vula bwana pamaso pa alendo ake. Ndinatola phukusi lija n'kumuonetsa mayiyo tepi. Sindinanene zambiri, iye ankadziwa kuwerenga mizere.

Opaleshoni inaimitsidwa pomwepo. Ku thiyeta yaikulu anatiyankha kuti makina awo ali ndi za azimayi oyembekezera, za ife sangazilandire sabata imeneyo. Bwana anatuluka ndi alendo, ntchito youza odwala anandisiyira ine. Ndinaima pamaso pa benchi n'kufotokoza, sisita akumasulira m'Chitumbuka. Ambiri anangowerama. A Gondwe anaimirira, nkhope atalozetsa pambali pang'ono pa pamene ndinaima, monga amachitira osaona. Anati diso ndi lawo, ngati liola liole lawo, anasayina kale ndi chala. Ndinawauza kuti sindingawaike pangozi yotere, adikire makina akonzedwe, sipatenga nthawi.

"Imwe mukuona, adokotala," anatero. "Mawa mubwera ku ntchito kwanu. Ine mawa ndipita kuti?"

A NyaKaunda anawavula chovala chobiriwira chija, anachipinda bwinobwino n'kuchisiya pa benchi.

Zaka zotsatira: patebulo la pakhomo

Alendo aja pochoka anandigwira chanza, mayi wa imvi uja anati ndachita bwino. Kenaka makatoni awo anawatembenuzira ku chipatala china, akuti mpaka kwathu zinthu zitalongosoka. Chanza chimenecho ndicho chokha chimene ndinapindula. Mphira ya chitseko, kanthu koti ungakanyamule m'thumba la jekete, inayenera kuchokera kunja, ndipo inayenda m'maofesi kupitirira chaka. Palibe anandichotsa ntchito, palibe anandiitana kudzandiimba mlandu. Bwana anangosintha kagawidwe ka ntchito. Ine amene ndinaphunzitsidwa kuika kagalasi m'diso anandikhazika patebulo la pakhomo, kuloza zilembo pakhoma ndi kandodo ndi kugawa mafuta a m'maso. Mwayi wokapitiriza maphunziro umene ndinalonjezedwa anaupatsa wina amene anandipeza pa ntchito. Anzanga ankanditcha "wothamangitsa azungu", ena moseka, ena ayi. Sisita Msiska anamusamutsira ku wodi ya ana, ndipo za tepi ija sanazitchulenso kwa munthu, anali ndi ana amasiye oti awalere. Sindimuda.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi: palibe diso limene linaola. Ndiye ndinalibe choti ndiloze n'kunena kuti onani chimene ndinakupulumutsani. Anthu ankangoona makatoni amene anasiya kubwera ndi mzere wa akhungu umene unkatalika. Ngakhale mayi anu tsiku lina anandifunsa ngati sizikanatheka kungopukuta zidazo monga ananenera bwana. Tinakhala masiku angapo osalankhulana bwino.

A Gondwe ankabwera mwezi ndi mwezi, ndipo poti tebulo langa linali pakhomo, woyamba kukumana naye ndinali ine. Lole anali atam'patsa wina. A NyaKaunda anayamba kugulitsa makala, mwana wawo wamkazi anasiyira sukulu pa fomu thuu. Makina atakonzedwa, magalasi kunalibe. Ndinawauza a Gondwe kuti ng'ala yakumanja yapsa mopitirira, asadikirenso, alole tiichotse mwa njira yakale avale magalasi ochindikala. Anakana. Bwana anali atawauza pakhonde kuti makatoni ali m'njira, ndipo pakati pa mawu a bwana ndi anga anasankha a bwana. Anandiuza mosabisa kuti mawu anga anawamvapo kale kamodzi, ndipo anaona kumene anawafikitsa.

M'mawa wina m'nyengo yamvula anabwera atakwezedwa pa njinga ya kabaza, matope a ku Chibavi ali m'miyendo, akusanza, dzanja lili pamutu. Diso lakumanja linali lofiira ngati nyama, nditaligwira pamwamba pa chikope linali lolimba ngati mwala. Ng'ala ikapsa kwambiri imatha kutseka njira ya madzi a m'diso, madziwo n'kupanikiza mtsempha woonera mpaka kuupha. Anali atakhala nalo kunyumba masiku angapo akumwa mapilisi a mutu, poti anali atatopa ndi kubwezedwa. Ndinawalitsa tochi m'disomo, sanaone ngakhale kuwala. Bwana anachotsa ng'alayo kuti ululu uleke, koma diso linali litapita. Madzulo ake a NyaKaunda anandipeza patebulo langa. Sanakalipe. Anakhala pampando wa odwala n'kundifunsa ngati amuna awo akanakhala akuona lero tikanawang'amba tsiku lija. Ndinayankha kuti mwina, koma mwinanso diso likanaola.

"Nanga pano lili kuti?" anatero, n'kunyamuka.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 2000: kubwerera ku thiyeta

Magalasi anadzayambanso kubwera kudzera njira zina. Pofika nthawi imeneyo tauni inali itakula moti pamene tinkatola bowa panali nyumba zosanjikana, ndipo anthu a ndalama anali atachuluka. Bwana anatsegula chipatala chakechake m'tauni, kwathu ankangoonekera. Mzere wa odwala unafika kunja kwa mpanda. Tsiku lina ndinangopeza dzina langa pakhoma la thiyeta, Lachiwiri ndi Lachinayi. Palibe anandiitana, palibe anapepesa. Ndinasamba m'manja n'kuyamba, ngati ndinangopita kukamwa tiyi.

A Gondwe anabwera ndi diso lawo lotsalalo. Kung'amba diso lomaliza la munthu ndi ntchito imene aliyense amaithawa, poti ukalakwitsa palibe lina. Ndinawauza kuti ndikhoza kupempha bwana kuti awachite ndiye, kapena kuwatumiza ku Lilongwe, poti ndikudziwa kuti sandikhulupirira. Anapukusa mutu.

"Munanditengera limoza," anatero. "Ili mundiwezgere ndimwe."

Sindinatsutse, ngakhale mawuwo anandibaya. Tsiku la opaleshoni tepi ndinaiyang'ana ndekha. Ndinawabaya jakisoni wochititsa dzanzi, ndinawafunda nsalu, n'kuyamba. Ng'ala inatuluka bwino. Kagalasi kanalowa, timiyendo take tinakhazikika, ndinakazungulitsa pang'ono mpaka kanakhala pakati penipeni. M'mawa mwake ndinawamasula ndekha. Anaphethira, misozi ikutsika, anayang'ana akazi awo nthawi yaitali. Anayang'ana pawindo. Kenaka anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndimwe a Matewere?" anafunsa. "Ndimayesa ndinu munthu wamkulu thupi."

Yewo, zikomo wa m'Chitumbuka, sanandipatse, ndipo sindinkamuyembekezera. Kwa ife a chipatala opaleshoniyo inali yopambana, ankawerenga mpaka mzere wa tizilembo tating'ono. Koma wa diso limodzi palibe amam'patsa lole. Anapeza ntchito yaulonda pa nyumba zogona ana a yunivesite, kutsegulira geti anyamata a msinkhu wa mwana wawo uja anasiya sukulu. Ndinkakumana nawo m'tauni nthawi zina. Ndikati muli uli, ankati makola, n'kupitirira. Anamwalira ine ndisanapume pa ntchito. Ndinapita ku maliro ku Chibavi, ndinakhala kumbuyo, ndipo sindikudziwa ngati a NyaKaunda anandiona.

Nditapuma pa ntchito: mbali inayo ya nsalu

Ndinapuma popanda phwando, anandipatsa wotchi yapakhoma ndi botolo la zakumwa. Patapita zaka zingapo, mayi anu atatisiya kale, ndinayamba kuona nyali za magalimoto zikumwazika ngati nyenyezi zosweka, ndipo zilembo za m'Baibulo zinayamba kuchita utsi. Sindinafunikire wondiuza. Ndinadikira mpaka ndinalephera kuzindikira munthu wondipatsa moni tsidya la msewu, ndiye ndinapita kukakhala pa benchi ya chipatala chimene ndinachitumikira moyo wanga wonse. Achinyamata a kumeneko sankandidziwa. Wina anandiloza ndi cholembera, amvekere agogo sunthirani uko. Nditatchula kuti ndinagwirapo ntchito m'thiyeta imeneyi anagwedeza mutu monga timachitira ndi okalamba olongolola.

Anandipatsa tsiku. Ndinagona ku wodi, m'mawa ndinavala chovala chobiriwira, ndinakhala pamzere. Dzuwa litakwera anatuluka dokotala wachitsikana, waulemu ndithu, n'kutiuza kuti madzi otsukira m'diso amene atsala apitirira masiku ake, sangawagwiritse ntchito, tibwere mwezi wamawa. Ana anga, palibe munthu pa benchi imeneyo amene ankadziwa kuposa ine kuti mtsikanayo akunena zoona. Ndikanakhala m'malo mwake ndikanachita zomwezo. Koma ndinamuda. Ndinamuda ndi mtima wanga wonse, ndi nsapato zake zoyera, ndi maso ake owala amene atatha kulankhula anapita nawo kukawerenga foni. Ndinabwerera ku Masasa ndikupapasa mipanda ya anthu. Mwezi wotsatira anatibweza chifukwa cha magetsi, winawo chifukwa timagalasi ta mphamvu yoyenera diso langa tinali titatha.

Tiyamike, ukukumbukira kuti unabwera kuchokera ku Lilongwe n'kunena kuti undipereka ku chipatala cholipira. Nditamva kuti n'chiti ndinakana, ndipo unakwiya poti sindinakuuze chifukwa. Tsopano wachidziwa. Ndinalimbalimba mpaka tsiku limene ndinaphonya sitepe pakhonde n'kuthyoka dzanja. Limbani analankhula nane pa foni ngati akulankhula ndi mwana. Ndinagonja.

Chipatala cha bwana chinali ndi matailosi, maluwa apulasitiki ndi wailesi yakanema pakhoma. Anatuluka yekha kudzandilandira, atanenepa, mutu uli mbuu. Anandikumbatira. Anaitana antchito ake n'kuwauza kuti uyu ndi msilikali wakale, tinkagwira naye ntchito bwino kwambiri masiku ovuta aja. Tili awiri m'chipinda chopimira, akundiyeza diso ndi makina amene kwathu tinkangowamva, ndinamufunsa ngati akukumbukira tsiku la alendo. Anakwinya nkhope, anati alendo ankabwera ambiri. Ndinatchula tepi, ndinatchula mphira ya chitseko. Anaseka pang'ono, anati eya, makina aja ankavuta. Ndinamuyang'anitsitsa ndi diso langa la utsilo, ndipo ndinaona kuti sakunamizira. Anali ataiwaladi. Ndinatchula a Gondwe.

"Gondwe uti?" anafunsa. "A Gondwe ndi ambiri kuno."

Ndinagona patebulo lake. Anandifunda nsalu kumaso, ndipo ndinadziwa zimene sindinazidziwe zaka zonse zimene ndinaima mbali inayo. Pansi pa nsalu pamatentha, mpweya umachepa. Umaona kuwala kokhakokha kukusambira, umamva madzi ozizira akutsikira kukhutu, umamva tizitsulo tikugundana, ndipo pamwamba pako anthu akukambirana za mpira ndi za mtengo wa simenti. Ukufuna kutsokomola koma ukuopa. Ukufuna kufunsa ngati zikuyenda bwino koma anakuuza usalankhule. Inenso ndinkacheza choncho pamwamba pa mitu ya anthu, ndikuganiza kuti poti jakisoni wagwira, munthuyo sakumva kanthu. Manja a bwana anali akadali abwino. Sizinatenge nthawi, ndinangomva akuti tamaliza, mudala.

M'mawa mwake anandimasula, ndipo ndinawerenga mzere wotsiriza pakhoma. Anandisisita paphewa, anati diso linalo tichite mwezi ukubwerawu, andichotserako mtengo poti ndine wakale. Ndinathokoza, Tiyamike, poti unali pomwepo ndipo ndalama zinali zako.

Mukandiimbira foni mumafunsa ngati ndikuona bwino. Ndikuona bwino, ndi diso limenelo ndalemba zonsezi. Koma diso lachiwirili sindibwerera nalo kumeneko, ndipo musatumize ndalama zake, ndidzazibweza. Dzina langa lili pamzere ku chipatala cha boma. Lachiwiri lapitali anatibwezanso, akuti magolovesi atha. Pafupi nane panali mayi wina wa ku Chibavi amene mwana wake anamusiya pa benchi n'kuthamangira ku ntchito, ndipo analibe womubweza kunyumba. Ndinam'gwira dzanja mpaka pa siteji ya minibasi. M'njira anandifunsa ngati ndikudziwa kuti adzatichita liti. Ndinamuuza kuti sindikudziwa.